ANabanda ndi Mchere wa m'Dzanja Langa

Lamulungu likubwerali kumishoni akatchula dzina la apongozi anga aNabanda pa Misa, poti mwezi uno chaka chakwana chiwaikire m'manda. Dzana, tikuswa mtedza pakhonde, mwana wanga Malita anandifunsa funso limene landisowetsa mtendere mpaka lero. Malitayo ali ndi pakati poyamba, ndipo akuti mwanayo akadzakhala wamkazi akufuna adzamubatize Agata, dzina la ubatizo la agogo akewo. Koma akuti ayambe wamva kwa ine.

"Amayi, kodi agogo aja ankakukondani, kapena ankangokupirirani?"

Zaka pafupifupi makumi awiri ndinadya nawo mayi amene aja, ndinawasambitsa atadwala, ndinawatseka maso ndi dzanja langali, koma funso limeneli ndikusowa poligwira. Ndikati eya, mtima ukukana. Ndikati ayi, lilime likulemera ngati ndikunamizira wakufa.

Anali mayi wamfupi, wouma thupi, woyenda mothamanga ngati wasiya mphika pamoto. Nsalu yawo inali biriwita, ndipo kunsonga kwake kunkakhala mfundo nthawi zonse. M'mfundomo simunkasowa chodya: mtedza wokazinga, ngumbi zouma, nthudza, pena kachidutswa ka mbatata yootcha. Mukakumana nawo panjira, moni analibe. Ankamasula mfundo ija, kukuikani kanthu m'manja, inu mukangoponya m'kamwa basi iwo ayambapo kukukalipirani. Ankati munthu wanjala samva, choncho n'kutaya mawu kumukalipira asanatafune.

Ine ndinabwera pamudzi pano ngati mtengwa. Kwathu ndi cha ku Nsaru, koma mwana wawo anandipempha kwa amalume anga kuti tidzakhale kwawo kuno kufupi ndi Nambuma, poti munda wa fodya unali kuno. Tsiku loyamba kuwaphikira ndinaphika nkhwani wotendera, mtima uli m'mwamba. Iwo anadya, kukombeza mbale ndi chala mpaka kuyera, kenaka n'kundiyang'ana.

"ANaphiri, kwanu ku Nsaru mtedza mumasinja ndi chidendene?"

Ndinakalira kuseri kwa nyumba. Mawa lake m'mamawa ndinapeza lichero la mtedza wosankha kale lili pakhomo panga, pambali pake pali kamtondo kawo kakang'ono kosinjira. Nditapita kukathokoza anandifunsa ngati ndilibe ntchito yochita. Kuyambira pamenepo ndinazolowera kuti ndikatsegula chitseko m'mawa ndipezapo kanthu: dzungu, nsengwa ya bowa, misale iwiri. Ndinazoloweranso kuti tsiku lisanathe andinyoza.

Pamudzi pano palibe amene sanakanganepo nawo. Panali mayi wina kutsidya kwa dambo amene mbuzi zake zinawadyera chinangwa. Zaka ziwiri sankalankhulana, ndipo akakumana pachitsime aNabanda ankalavulira kumbali. Koma akakumba mbatata, dengu loyamba linkapita kutsidya komweko, atasenza okha, kukalitula pakhomo, kubwerako osanena kanthu. Mlamu wanga Lusiya, mwana wawo wamkazi, atawafunsa kuti zikutheka bwanji zimenezi, anamuyankha kuti iwo anayambana ndi pakamwa pa mayiyo, osati mimba za ana ake.

Akapha nkhuku, zimene sizinkachitika kawirikawiri, anali ndi kagawidwe kawokawo. Ntchafu inkapita kwa munthu amene anamutukwana kwambiri sabata imeneyo. Tonse tinkadziwa, koma palibe ankayerekeza kunena. Ine ntchafu ndinadya zambiri kuposa mtengwa wina aliyense m'mudzi muno, ndipo mpaka pano sindidziwa ngati ndizinyadira kapena ndizichita manyazi.

Chaka cha dzombe anakangana ndi mphunzitsi wa katekisimu, amene ankati dzombe ndi nyama, lisamadyedwe Lachisanu. ANabanda anakazinga dzombe, kulimanga pamfundo, ulendo wa kumishoni kukafunsa kwa Abambo ansembe enieniwo. Pobwera anauza mudzi wonse kuti Abambo adya awiri, mutu ndi miyendo yomwe, ndipo tsikulo linali Lachisanu. Kaya zinalidi choncho kaya ayi, ife sitinapite nawo. Madzulo omwewo anatumiza mbale yodzaza dzombe kunyumba kwa mphunzitsi uja.

Masiku amenewo amayi a mbumba imodzi sitinkadya aliyense m'nyumba mwake. Dzuwa likapendeka aliyense ankabweretsa mphika wake wa ndiwo kuseri kwa nkhokwe za aNabanda, tonse ndi ana n'kumapisa mumphika uliwonse, amuna akudyera kwawo kumphala. Iwo ankakhala pamwala wathyathyathya pafupi ndi mwendo wa nkhokwe, ndipo panalibe mphika umene unkadutsa osaulawa ndi kuupezera chifukwa.

Anabatizidwa atakula kale, ndipo korona ankapemphera kuposa tonsefe, koma lamulo la mchere sanalisiye. Kunena zoona palibe mkazi pamudzi pano amene analisiya. Lamulolo ndi ili: mkazi amene ali kumwezi, kapena amene wagona ndi mwamuna wosakhala wake, sathira mchere m'ndiwo. Akathira, odya amadwala tsempho, makamaka ana ndi nkhalamba. Mapazi ndi masaya zimatupa, chifuwa chimagwira, munthu n'kupita. Abambo kumishoni ankati zimenezo n'zachikunja. Ife tinkavomera m'tchalitchi, tikafika kunyumba n'kumaitana mwana kuti atithirire mchere.

Zimene zandimangitsa lilimezi zinachitika chaka chotsatana ndi cha dzombe chija. Bambo a Malita anali atapita ku Halale kukagwira ntchito, kundisiya ndi Malita wa zaka zinayi ndi khanda lamwamuna, Yosefe. Mwana ameneyo ndi yekhayo amene ndinaona aNabanda akumusekerera. Ankamuika pamiyendo pamwala paja, kumutafunira mbatata, kumuuza kuti akule msanga adzamange nkhokwe zowongoka poti amuna a pamudzi pano onse ndi manja lende. Patapita chaka ndi miyezi bambo ake ali ku Halale komweko, ine ndinadwala malungo, bere linauma, Yosefe anayamba kudya phala lokhalokha, poti nyemba ndi mtedza dzombe linali litamaliza. Posakhalitsa mapazi ake anatupa, masaya nawonso, tsitsi linafiira n'kuyamba kuthothoka.

Amayi akuluakulu atamuona anangoyang'anana. Mwamuna ali ku Halale chaka chathunthu, mwana ali ndi tsempho: yankho analipeza asanandifunse. Ananditengera kuseri kwa nyumba kuti nditchule mwamuna amene ndinagona naye, poti akuti mankhwala a tsempho sagwira wolakwa asanaulule. ANabanda anali pomwepo. Anandigwira dzanja, chinthu chimene anali asanachitepo.

"ANaphiri, tchulani dzina. Sitikumenyani, sitikuthamangitsani. Tchulani mwana apole."

"Amayi, dzina ndilibe. Nditchule yani?"

Anafunsa katatu, ine ndinayankha chimodzimodzi katatu, ndipo anandisiya dzanja. Pena ndimati bwenzi nditangotchula aliyense, ngakhale wakufa, ndipo ganizo limenelo limandibwererabe. Ndinabereka Yosefe kupita naye kuchipatala cha kumishoni. Masisitere anamupatsa mkaka nanena kuti thupi lake lasowa chakudya choyenera, koma tinali titachedwa. Tsiku lachitatu ndinabwera naye kumsana atazizira.

Pamaliro aNabanda sanandiyang'ane. Analira mdzukulu wawo mofuula, ndipo m'kulirako ananena, aliyense akumva, kuti pakanatchulidwa dzina mwanayu akanakhala moyo. Mawu amenewo anatuluka pakamwa pa mayi yemweyo amene ndikumukumbuka lero, ndipo sanawabweze mpaka kufa.

Titameta, ndinabweretsa mphika wanga kuseri kwa nkhokwe monga kale. Palibe anapisamo. Mwana wa Lusiya atatambasula dzanja, mayi ake anamumenya pazala. Malita wanga yemwe anamutenga kuti azikadya ndi kugona kwa Lusiya. Mphika ndinkapita nawo wodzaza n'kubwera nawo wodzaza, masiku asanu ndi limodzi, kenaka ndinasiya kupitako. Pakhomo panga, pamene ndinazolowera kupezapo dzungu m'mawa, panali pouma. Ndinkaphika kamphika kakang'ono, kudya ndekha m'nyumba chitseko chotseka, fungo la ndiwo za anzanga likulowera m'mphepete mwa chitsekocho pamodzi ndi mawu a mwana wanga akupempha kuonjezera kwa mayi wina. Pena sindinkaphika n'komwe. Imfa ya Yosefe inandipweteka, koma kudya ndekha mudzi wonse ukudyera pamodzi panja kunandiuza kuti nanenso ndafa, kungoti sanandiike.

AZakeyo, mlongo wawo wa aNabanda amene ankayang'anira mbumba, anagamula kuti tikangokolola, mphunzitsi alembe kalata ku Halale, ine andibwezere kwathu ku Nsaru. Kubwerera kwathu ndi mbiri yoti ndinapha mwana ndi chigololo kunali kutha kwanga. Ukwati ukanatha, m'tchalitchi ndikanakhala wa kumbuyo, ndipo kwathu komweko ndani akanadya ndiwo zanga?

Chimanga chili pafupi kulowa m'nkhokwe, tsiku lina dzuwa litapendeka, ndinamva mawu awo akuitana kuchokera pamwala paja.

"ANaphiri! Kodi mwafera m'nyumbamo? Bwerani kuno."

Ndinatuluka ndikuti tsiku londithamangitsa lakwana. Amayi onse anali atakhala, aZakeyo ataima chapatali. Patsogolo pa aNabanda panali mphika wa khobwe wongophula kumene. Anamasula m'chiuno kachipanda kawo ka mchere, kamene sankalola munthu kukakhudza, n'kundiponyera pamiyendo.

"Thirani."

"Ine, amayi?"

"Pano pali aNaphiri angati?"

Lusiya anadzuka. "Amayi, mwatani kodi? Mukufuna kutsatira mwana kumanda?"

"Ndikufuna kudya. Khala pansi iwe."

Ndinathira. Anavundula okha ndi chipande, kutema nsima, kusunsa, kuika m'kamwa. Anatafuna nthawi yaitali, kumeza, n'kunena kuti mchere wachepa, ndionjezere. Atatha mbale yonse anatembenukira kwa aZakeyo.

"Alongo, kuyambira lero ine ndizidya zothira mchere mtengwayu basi. Ndikatupa, lembani kalata yanuyo. Ndikapanda kutupa, aliyense asunge pakamwa pake."

Apa ndi pamene mutu wanga unaima, ndipo sunayendenso bwino mpaka lero. Kodi mayiyu akundipulumutsa, kapena akunditchera msampha ndi thupi lake lomwe? Nkhope yawo sinanene kanthu. Sanandisekerere, sanandiuze kuti pepani. Tsiku ndi tsiku ankabwera ndi kachipanda kaja, kuyang'anitsitsa dzanja langa likuthira, kudya, kundinyoza kaphikidwe. Ine ndinkadziwa kuti sindinagone ndi munthu, komabe mantha anandigwira mpaka ndinayamba kudzikayikira ndekha. Ndinkati mwina ndinalota zoipa, mwina ndinakhala pamphasa yosayenera, mwina pali lamulo lina limene anamkungwi a kwathu anaiwala kundiuza. M'mawa uliwonse mudzi wonse unkayang'ana mapazi a aNabanda, ndipo woyamba kuyang'ana ndinali ine. Iwo atazindikira anayamba kumanga nsalu m'mwamba ngati mtsikana, akakolo ali pamtetete, n'kumafunsa odutsa ngati aona chimene akufuna.

Kenaka kunabwera mphepo ya mwezi wa Juni. ANabanda anayamba kulawirira kudimba kwawo n'kumabwerako dzuwa litapendeka, akuti nkhumba zikuwathera mbatata. Anayambanso kukoka fodya wam'mphuno, iwo amene moyo wawo wonse ankanyoza okoka fodya kuti amadetsa ndiwo, ndipo akatsokomola pagulu ankatukwana fodyayo. Pachakudya ankati akangodya pang'ono, ayambitsa mkangano, kawirikawiri ndi ine, n'kunyamuka mwaukali kupita kuseri kwa chigafa. Ine ndinkangoti chidani chawo pa ine chakula.

Tsiku lina masana ndinati ndiwaperekere chakudya kudimbako. Ndisanafike ndinamva phokoso m'mabango ngati galu watsamwa fupa. Ndinawapeza atagwada, nsonga ya biriwita ataitsekera m'kamwa, akutsokomola mpaka misozi, thupi lonse likugwedezeka. Mbale ndinatsala pang'ono kuigwetsa. Chifuwa! Chizindikiro chimene mudzi wonse unkadikira chinali chitafika kalekale, iwo n'kumachibisa m'mabango, m'fodya, ndi m'mikangano ija.

Atandiona anapukuta pakamwa.

"Mwaona chiyani?"

"Amayi, mukudwala. Chonde lekani kudya zanga. Ndipita ndekha ku Nsaru, kalata isachite kulembedwa. Sindikufuna maliro achiwiri pamutu panga."

Ndinagwada ndikulira. Iwo anakhala pamzere wa mbatata, kupuma kaye, n'kuvundukula mbale ndinabweretsa ija. Munali chigwada chopanda mchere, poti mchere ndinkathira iwo akuona. Anamasula kachipanda. Ine ndinakana, manja ndinawabisa kumbuyo. Anandigwira dzanja lamanja ndi mphamvu imene sindinkadziwa kuti ali nayo, kundikhuthulira mchere m'chikhatho, n'kulitembenuzira mumbale. Anadya, kutsokomola, kudya, kutsokomola, mpaka mbale inayera. Pomaliza anandiuza kuti ndikangouza munthu za chifuwachi, adzanena okha kuti anandigwira ndi mwamuna m'dimba momwemo. Taonani munthu wake: kundiopseza ndi bodza lomwelo limene ankandichotsera.

Masabata atatu otsatira ndinakhala mnzawo pa chinyengocho. Ndikaona mapewa awo ayamba kukwera pachakudya, ndinkagwetsa chivundikiro, kapena kuwayankha mwachipongwe kuti apeze chifukwa chonyamukira. Amayi anzanga ankangogwira pakamwa, kuti mtengwayu mwano wake wafika apa. Masana ndinkawafukiza masamba a bulugamu m'dimba momwemo, titafunda nsalu imodzi ngati akuba. Ndipo nthawi yonseyo sindinkadziwa ngati ndikuwachiza kapena ndikuwapha. M'mawa ndinkapemphera korona kuti tsempho ndi bodza lachikunja, masana n'kumathira mchere ndikuopa tsempho lomwelo.

Kunja kutayamba kufunda, chifuwa chinachepa, kenaka chinatha. Mapazi sanatupe. Kalata sinalembedwe, aZakeyo anangosiya kuitchula. Panalibe tsiku lakuti anthu anandipepesa. Zinangochitika kuti tsiku lina mwana wa Lusiya anapisa mumbale ya agogo ake, mayi ake akuyang'ana kumbali mwadala. Mawa lake mkazi wa aZakeyo analawa therere langa nati lakoma. Sabata isanathe Malita anabwerera kudzagona pamphasa panga, ndipo m'mawa wina ndinatsegula chitseko n'kupeza dzungu. Fodya wam'mphuno uja ndiye anawakanirira aNabanda mpaka kufa, akumutukwana nthawi iliyonse akamakoka.

Bambo a Malita anabwera patapita zaka ziwiri ndi njinga ndi jekete. Anamva zonse, anakaona manda a mwana, anadya ndiwo zanga, ndipo nkhaniyi sanaitchulepo. Chifukwa chimene amayi awo anachitira zimenezi, aliyense ali ndi chake. Lusiya amati anali mayeso chabe, ndipo chifuwa chikanangowagwira akanandithamangitsa ndi munsi. Koma Lusiya za m'mabango sazidziwa. AZakeyo asanamwalire ananditsina khutu kuti mlongo wawoyo ankamudziwa bwino mwana wake wamwamuna, ndipo ankaganiza kuti mwina tsempholo linachokera ku Halale, kuti wolakwa anali bambo wa mwana, funso limene palibe anayerekeza kufunsa pamene ankandifunsa ine katatu. Mphunzitsi amati chinali chikhulupiriro chachikhristu, kuti aNabanda anafuna kuonetsa mudzi kuti za mchere n'zabodza. Koma mayi yemweyo mpaka kukalamba ankakalipira atsikana othira mchere ali kumwezi.

Ine funso langa ndinalisunga zaka khumi ndi ziwiri. Pazaka zonsezo sanadye ndiwo zothira mchere munthu wina, za Lusiya zomwe, ngakhale paukwati. Ndikadwala kapena ndikakhala kumwezi ankadya zozizira choncho, akudandaula kuti ndimadwala dala kuti ndiwaphe ndi njala. Lusiya zinkamupweteka, mpaka tsiku lina anawafunsa ngati anabadwa kwa mayi wina. Iwo anamuyankha kuti iye ali ndi anthu ambiri omudyera, n'kumupatsa ntchafu. Mphika wanga sanauyamikirepo ngakhale kamodzi.

Chaka chatha, mwezi ngati uno, anali atafooka kwambiri. Ndinkawatulutsa pakhonde kuti aothere dzuwa ndi kuwamwetsa phala pachipande. Tsiku lina tili awiriwiri, ena onse ali kumunda, ndinalimba mtima.

"Amayi, chifuwa chija cha kudimba, inu munkati n'chiyani?"

Anatseka maso.

"Ndinkati ndi tsempho."

Chipande ndinachiika pansi. "Ndiye kuti munkakhulupirira kuti ndinalakwa."

"Masiku ena eya. Masiku ena ayi."

"Nanga lero?"

"Lero ndatopa, aNaphiri."

"Koma amayi, ngati munkati ndinalakwa, ngati munkati chifuwacho chikuphani, nanga munkadyeranji?"

Anatsegula maso n'kundiyang'ana monga ankandiyang'anira ndikafunsa zopusa.

"Mukanakhala kuti munalakwadi, mukanadya ndi yani?"

Anatsekanso maso. Patapita kanthawi anati phalalo mchere wachepa. Patatha masiku anayi anamwalira.

Chaka chathunthu ndakhala ndikuwatembenuza mawu amenewa. Pena ndimapsa mtima. Ndinkafuna andiuze kamodzi kokha kuti ndinali wosalakwa, ndipo apita osanena. Mayi amene ndinamuphikira zaka zonsezi anafa akundikayikirabe. Pena ndimalira, poti munthu amene ankakhulupirira kuti mchere wanga ungamuphe ankaudya dala, tsiku ndi tsiku, kuti ine ndisadye ndekha. Zinthu ziwirizi sizikwana m'mutu mwanga nthawi imodzi, koma zonse zinali mwa mayi mmodzi wamfupi uja. Kaya chimenecho dzina lake n'chikondi, kaya ndi liuma chabe, ine sindikudziwa.

N'chifukwa chake dzana lija sindinamuyankhe Malita. Ndinangotapa mtedza m'lichero n'kumuika m'manja, ndipo atangoponya m'kamwa ndinayamba kumukalipira kuti akuswa mochedwa ngati alibe zala. Anandiyang'ana, anaseka, nati wamva, mwanayo adzakhala Agata. Chimene wamva ine sindikuchidziwa.

Nyumba yawo tinaigwetsa titameta, monga mwa mwambo, ndipo padothi lake pamera maungu amene palibe anawabzala. Nkhokwe zija zinaola miyendo, tinazisamutsa. Tsopano amayi ambiri amadyera m'nyumba zawo, kuseri kuja timangosonkhanako pakakhala mlendo kapena maliro. Mwala wathyathyathya uja ulipobe, wosalala pamene ankakhala, ndi banga lakuda la fodya m'mbali mwake. Nkhuku zimakwerapo, anthu sakhalapo. Kachipanda ka mchere ndinakapachika pamwamba pa mafuwa anga, kada ndi utsi. Dzuwa likapendeka ndimaphula ndiwo, ndimatapa mchere, dzanja n'kuima pamwamba pa mphika kudikira maso aja. Ndimathira, ndimalawa ndekha, ndipo palibe wondiuza kuti wachepa.